Njira Yakale ya ku Fakitale

Temwa Kachingwe ndi chitsiriza m'banja la ana asanu. Anabadwira ku Mabutweni mumzinda wa Bulawayo, m'nyumba imene bambo ake, a Macdonald Kachingwe, analowa ali mnyamata atangofika kuchokera ku Dedza kudzagwira ntchito yosungunula zitsulo. Ana ena anabalalika, ena ku Joni, mmodzi kumanda. Mu Bulawayo munatsala awiri: Temwa ndi mchimwene wake wamkulu, Hector, wa ku Nkulumane.

Ntchito ya Temwa inali ya mapu a pakompyuta, pa kampani ina yoyeza malo m'tauni. Anthu akamufunsa kuti GIS nchiyani, iye ankati ndi mapu ambiri oonekera osanjikizana: ena a misewu, ena a mapaipi, ena a zigwa ndi zitunda. Ukawasanjika pamodzi, malo amayamba kuyankha mafunso. Mayi ake atamwalira, anabwerera ku Mabutweni kukasamala bambo ake, amene mutu unali utayamba kuwathawa. Chindebele chinawachokera, Chingerezi nachonso, nkutsala Chichewa chokha. Temwa Chichewacho ankachimva bwino, koma poyankhula lilime linkamulemera.

Tsiku lina m'mwezi wa Okotobala, madzi atasowa pampopi sabata yonse, Temwa analawirira kumjigo. Pobwera ndi zigubu anapeza geti lili pululu. Nsapato za bambo ake panalibe, chipewanso panalibe. Tiyi anali patebulo, wosamwa.

Anazungulira mzere wonse akuitana. Anzake oyandikana nawo anatuluka, koma palibe anawaona. Dzuwa linali litayamba kale kuluma. Anaimbira Hector, amene anafika ndi mnzake Thabani, woyendetsa kombi, minibasi yonyamula anthu.

"Akwera kombi amenewa," anatero Hector, thukuta lili kamukamu. "Ali m'tauni. Tiyeni tikafunse kumarenki okwerera makombi."

"Achimwene, Ababa amaopa kombi masiku ano. Ayenda wapansi."

"Ukudziwa bwanji? Unali kumjigo iwe."

Mawuwo anamulasa Temwa. Anatsegula laputopu pabonati ya kombi. Anaika kadontho panyumba pawo, nayerekeza mtunda umene nkhalamba ya bondo lotupa ingayende, kompyuta nkudetsa misewu yonse imene akanatha kufikako. Anagawa deralo m'zigawo, natumiza pafoni kwa azimayi a mpingo ndi oyandikana nawo amene anadzipereka. Aliyense akamaliza msewu wake ankamuuza, iye nkuufufuta.

Pofika masana, misewu yonse ya Mabutweni, Iminyela ndi mbali ina ya Mpopoma inali itafufutidwa. Nkhalamba osaoneka. Kupolisi anali atalembetsa, kuchipatala anali atafunsa. Azimayi ena anayamba kubwerera kwawo kukaphikira ana. Kunja kunali ng'anjo, ndipo Temwa ankadziwa kuti munthu wokalamba chonchi, wopanda madzi, sangapirire mpaka madzulo.

"Mapu akowo atidyera nthawi," anatero Hector. "Thabani, liza galimoto."

"Dikirani pang'ono."

"Tidikire chiyani? Maliro?"

Temwa anayang'ana mapu aja, misewu yoyera bwino, yolondola, ya chaka chino. Ndipo chinamufikira: bambo ake sankakhala m'chaka chino. Masabata apitawo ankadzuka nkumafunsa ngati huta, chitoliro cha kufakitale choitanira anthu kuntchito, yalira. Munthu amene akuthamangira huta satsata misewu ya lero. Amatsata njira imene miyendo yake inazolowera kalekale.

Kuntchito kwawo kunali zithunzi zakale za mzindawu, zojambulidwa pandege dziko lisanalandire ufulu. Anaimbira mnzake wa muofesi, Nicole, kuti amutumizire cha dera lawo. Netiweki inali yofooka, chithunzi chikubwera pang'onopang'ono ngati madzi a pampopi wouma. Hector anali atakhala kale m'kombi, injini ikulira.

"Sisi, asambe," anatero Thabani mwaulemu, kumuuza kuti azipita.

Chithunzi chitafika, Temwa anachisanjika pamwamba pa mapu a lero. Sichinagwirizane. Anafuna zinthu zimene sizinasunthe: mphambano ya msewu waukulu, denga la tchalitchi, mlatho wa njanji. Anazikhomera chimodzichimodzi, chithunzi nkukhazikika. Pamenepo anaona kamzere koyera, kopyapyala, kochoka kumapeto kwa Mabutweni, kudula tchire, kulunjika kunjanji ndi kumafakitale a kuseri kwake. Inali njira ya mapazi ya anthu a ntchito. Pa mapu a lero, pamene panali tchirelo panali nyumba, ndipo pamene njirayo inkaolokera njanji panali mpanda wautali wa simenti. M'mbali mwa mpandawo munkadutsa ngalande yakuya.

Anatembenuzira laputopu kwa Hector. "Onani. Akupita kuntchito. Akafika pampanda apa sabwerera, azitsata mpandawo kufuna polowera. Malo otsika ndi awa. Ngati agwa, agwera apa."

Hector anayang'ana nthawi yaitali. "Ukalakwanso?"

"Ndikalakwanso, ndalakwa. Koma kutauni kulibe chimene akukafuna."

"Njira imeneyi ndikuidziwa," anatero Hector motsitsa. "Ndinkawaperekera chakudya ndili mwana. Thabani, tembenuza."

Kombi inawasiya pamene msewu unathera. Anagawana: Hector kumanzere kwa mpanda, Temwa ndi Thabani kumanja. Udzu unali wouma, wodzaza mapepala ndi magalasi osweka. Foni ili m'manja, Temwa ankaona kadontho kake kakusendera kumalo otsika aja. Kuseri kwa mpanda sitima ya katundu inadutsa, nthaka nkunjenjemera, ndipo mtima wake unaima poganiza kuti mwina pena pake mpandawo unagumuka.

Anafika pamalopo. Ngalande inali youma, yopanda munthu.

Temwa anaunguza uku ndi uku. Thabani ndiye anapitirira pang'ono, nkuima mwadzidzidzi.

"Sisi! Nangu ubaba!" anafuula m'Chindebele, kumuuza kuti wawapeza.

Bambo ake anali pansi, m'kamwa mwa paipi yaikulu yodutsa kunsi kwa njanji, atatsamira khoma. Nsapato imodzi inali itavuka, mwendo ukutuluka magazi, milomo itang'ambika ndi ludzu. Maso anali otsegula. Temwa anatsetserekera m'ngalandemo osasamala minga.

"Baba!" Anayamba kuwayankhula m'Chindebele, mawu akungotuluka okha. Nkhalamba inadzikokera m'kati mwa paipi, mantha ali m'maso.

"Ndinu yani? Musandichedwetse. Kapitawo andidula tsiku."

Temwa anagwada. Anafunafuna mawu m'mutu mwake, Chichewa chake chosweka chija.

"Ababa, ndine Temwa, mwana wanu. Lero kulibe ntchito. Kapitawo wati anthu onse apume."

"Wati tipume?"

"Eya. Ng'anjo yazima. Imwani madzi."

Anamuyang'anitsitsa, kenaka anatambasula dzanja nalandira botolo. Hector anafika akuthamanga, nalumphira m'ngalande, nawanyamula kumsana. Temwa anaona kuti mapewa a mchimwene wakeyo akugwedezeka.

Kuchipatala anawaika madzi a m'mitsempha ndi kusoka mwendo. Anagonako masiku angapo. Atatuluka, Hector anafuna kuti geti lizikhala lokhoma ndi loko, koma Temwa anakana, nati bambo ake sanapalamule mlandu. Anakangana, osamvana, mpaka Hector anangoyamba kubwera Loweruka lililonse m'mawa. Amawagwira dzanja nkuyenda nawo pang'onopang'ono mmene munkadutsa njira yakale ija mpaka kumapeto kwa Mpopoma, nkhalamba ikuloza nyumba za eni ake nkumatchula mitengo imene inali pamenepo. Masiku ena Temwa amatsagana nawo. Akamva dzina la mtengo limene salidziwa, amafunsa, bambo ake nkumuseka kuti mwana wa ku Dedza sadziwa msuku.