Nyenyezi Zinayi Zomwe Ndinawamana Ankolo

Gulu lathu la okonda nyenyezi limakumana Loweruka loyamba la mwezi, masana, m'chipinda cha pansi mu laibulale ina pakati pa Toronto. Inde, masana, m'chipinda chopanda ndi windo lomwe. Anthu a nyenyezi ndi otero, amatha maola atatu akukamba za kumwamba ali pansi pa nthaka. Ine ndinalowa gululi chaka chachiwiri nditafika ku Canada, ndipo ndisaname, sindinalowe chifukwa chokonda nyenyezi. Ndinatopa ndi kumva kulira kwa firiji. Ndimakhala ndekha ku Oshawa, ndine namwino panyumba yosamalira okalamba, ndipo masiku opuma ankandiopsa kuposa masiku a ntchito.

Za matelesikopu mpaka lero zimandipita chammbali. Ndikasuzumiramo ndimaona nsidze zanga. Koma ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo yanga ndi mndandanda. Mundipatse anthu makumi awiri osokonekera, ndikubwezerani pepala limodzi lolongosoka. Choncho gulu litagwirizana zopita ku Hawaii, chilumba chomwe chili ndi nyumba zikuluzikulu zoonera nyenyezi pamwamba pa phiri, maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinakana kawiri mwaulemu, kenako ndinatulutsa cholembera chomwe ndinali nditachigwira kale m'chikwama.

M'gulu monsemo munali munthu mmodzi yekha yemwe ndinkalankhula naye chinenero chathu. Anali bambo achikulire a ku Chipata, omwe anabwera kalekale kudzagwira ntchito ya uinjiniya pafakitale ya zitsulo ku Hamilton. Anali atapuma ntchito, ndipo akazi awo anali atamwalira. Tsiku langa loyamba ndinataya tiyi pamapepala a munthu wina n'kufuula kuti "Mayo!" Bambowo anatembenuka msangamsanga. "Imwe, ndimwe a kuti?" Kuyambira tsiku limenelo anakhala ankolo anga, ine n'kukhala "mwana wanga."

Msonkhano ukatha tinkayenda limodzi kupita kusiteshoni yaikulu. Sitima yawo inkalowera kumadzulo, yanga kummawa, ndipo tinkazisiya ziwiri kapena zitatu zipite ife tili pabenchi. Iwo ankati Amalawi timapepesa ngakhale munthu atatiponda. Ine ndinkati Azambia akati "manje manje," pompano wawo uja, amatanthauza mawa. Chifukwa cha mashifiti a Lamlungu, kutchalitchi kwa anthu akwathu ndinkapezekako mwa apo ndi apo, ndiye ola la pabenchi lija ndilo linali chakudya cha m'kamwa mwanga cha mwezi wathunthu. Ndinkachita kusunga nkhani, ndikumati iyi ndikawauze ankolo.

Ndi pabenchi pomwepo pamene anandiuza za Mtanda wa Kummwera. Ndi nyenyezi zinayi zoyalana ngati mtanda, zomwe kwathu zimaoneka bwinobwino koma ku Canada sizituluka n'komwe. "Iwe unakulira pansi pake, koma sunayang'ane kumwamba," anatero. "Ine zaka zambirimbiri sininauone. Ku Hawaii uoneka mu Meyi, madzulo. Nikauone chabe, basi." Kumsonkhano, ena akufuna mwezi wa Novembala, ankolo anaumirira Meyi mpaka onse anagonja.

Mu Malichi ndinagawa mafomu. Phiri lija ndi lalitali kwambiri moti pamwamba pake mpweya ndi wochepa, ndipo odwala mtima amalangizidwa kuti asakwere. Aliyense ankayenera kulemba za thanzi lake n'kusayina. Onse anadzaza pompo n'kundibwezera. Ankolo anaiwerenga yawo kawiri, anaipinda panayi, n'kuika m'thumba la jekete. Pabenchi tsiku limenelo sanaitchule, inenso sindinafunse.

Koma diso la namwino silipuma. Ndinali nditaona kale akakolo awo atatupa mpaka kusefukira m'nsapato. Ndinali nditaona mmene ankaimira pakati pa masitepe a sitima ya pansi, n'kumanamizira kuwerenga foni. Mapiritsi omwe ankamwera tiyi ndinkawadziwa mtundu wake, ndimawagawa tsiku lililonse kuntchito. Ndiye ndinawerengera ndekha n'kupeza yankho ndekha: ankolo akubisa matenda kuti akakwere phiri, ndipo akakomoka kumtunda kuja, dzina lawo ndinalilemba pamndandanda ndine.

Nkhaniyi inandisowetsa mtendere masabata awiri. Kuwauza maso ndi maso kuti "ankolo, mukudwala, simungakwere" sindikanatha. Kuntchito ndimauza azungu a zaka za agogo anga mawu owawa kuposa amenewo popanda kuphethira, koma amenewo ndimawauza m'Chingerezi. M'Chichewa pakamwa pankakana. Mmene ndinaleredwera, nkhani yolemera yokhudza munthu wamkulu suipititsa wekha. Umadzera mwa wina wapafupi, iye n'kukaifikitsa mozungulira, mwini wake n'kusintha maganizo ngati waganiza yekha, ulemu wake uli wonse.

Pamndandanda wanga panali nambala ya mwana wawo wamkazi, yoti tiimbe pakagwa zadzidzidzi. Ndinamuimbira. Ndinayamba ndi moni, ndinafunsa za ana, za ntchito, za chisanu. Iye anayankha "tili bwino" wa Chichewa chopunduka, kenako m'Chingerezi anandifunsa kuti anti, kwagwanji? Ndinati ndimangofuna kumutsina khutu. Ndinafotokoza za phiri, za akakolo, za fomu. Ndinamaliza ndi kupempha kuti awalankhule bwinobwino, mwapang'onopang'ono, ndipo asanditchule.

M'mutu mwanga ndinkaona mwana akupita kwa bambo ake Lamlungu masana, akuwaphikira tiyi, akuyamba nkhani kutali. Ndinaiwala chinthu chimodzi chokha, choti mwanayo anabadwira ku Hamilton. Za ulendowo sankadziwa n'komwe, ndipo anachita mantha. Pasanathe masiku atatu anali atawatengera kwa dokotala, atakanselitsa tikiti, atalembera wapampando wa gulu lathu kuti bambo ake sapita. Bambo ake atafunsa kuti wamva kwa ndani, anayankha mosapsatira kuti kwa anti a ku Oshawa aja. Sindimuimba mlandu. Kwa iye kubisa dzina kukanakhala kunama, ndipo bambo ake amawakonda.

Msonkhano wa Epulo mpando wa ankolo unali wopanda munthu. Wapampando, atamva zonse kwa mwana uja, anandiyamikira pamaso pa onse kuti ndapulumutsa moyo, ena mpaka anaomba m'manja, ine ndikungofuna pansi patang'ambika. Ndinapita kusiteshoni ndekha. Sitima yanga itafika sindinakwere, miyendo inali itazolowera kuisiya yoyamba. Ndinakhala pabenchi paja ndi nkhani zanga za mwezi wonse, zina zoseketsa kwabasi, popanda woti ndimuuze. Ndinawaimbira foni ankolo, sanayankhe. Ndinalemba uthenga, unawerengedwa, basi.

Ulendo unayenda monga ndinaukonzera. Palibe anasochera, palibe anasiyidwa ndi ndege. Phiri tinakwera, nyumba zoyera zozungulira zija tinaziona, anzanga anasangalala ngati ana, ine mutu ukundiwawa ndikuwerenga anthu polowa m'galimoto. Koma Mtanda sindinauonere kumeneko. Ndinauona tsiku loyamba lenileni, tisanakwere kulikonse. Titangomaliza chakudya chamadzulo tinatuluka panja pa hotela, pamalo oimika magalimoto, ndipo mayi wina wa m'gulu anandilozera chakummwera, pamwamba pang'ono pa denga la sitolo. Unali pomwepo, wotsika, nyenyezi zake zinayi. Ndinauzindikira nthawi yomweyo, ngati nkhope ya munthu amene unkakumana naye tsiku lililonse panjira ya kusukulu osamufunsa dzina. Ndinali nditavala masilipasi, ndipo sindinakwere sitepe ngakhale imodzi kuti ndiuone. Ankolonso akanauonera pomwepa.

Nditabwerako ndinatsukitsa chithunzi chomwe mayi uja anajambula, n'kukwera sitima ziwiri kupita ku Hamilton osawauza. Anatsegula okha. Anali ataonda.

"Lowani, a nesi," anatero.

Mawu amenewo anandilasa, sindinalinso "mwana wanga." Ndinakhala m'mphepete mwa mpando, ndinapepesa mmene ndinathera, kenako ndinawapatsa chithunzi ndi manja awiri. Anavala magalasi n'kuchiyang'ana nthawi yaitali.

"Munajambulira pamwamba pa phiri?"

"Ayi ankolo. Pansi. Pamalo oimika magalimoto."

"Nidziwa," anatero. "Ni pamene nenze kufuna kukaimirira ine."

Anadzuka pang'onopang'ono, anapita pomwe panakolekedwa jekete lija, n'kutulutsa fomu idakali chipindire panayi. Anali ataidzaza yonse, matenda ndi mankhwala omwe, osabisa kanthu. M'munsi anali atalemba ndi zilembo zawo zazikulu za uinjiniya kuti iwo sakwera phiri, adzatsala kuhotela.

"Nenze kufuna nikupatse pa benchi, tili awiri, pa miting'i ya Epulo," anatero. "Sininafune ma yang'i aja, ana a m'gulu, aziniyang'ana monga nine odwala. Iwe ukanasunga. Manje iwe unaona miyendo yanga, unaona mapilisi yanga. Pakamwa panga sunapaone?"

Safunsa anadya phula, koma apa phula ndinadya ine, njala n'kugona nayo iwo. Ndinati mwina chaka chamawa, ndikonza ulendo wina, wa anthu awiri okha ngati n'kotheka. Anapukusa mutu. Dokotala anali atawauza kuti maulendo ataliatali a pandege aiwale, ndipo mwana wawo tsopano ankapita nawo kulikonse. Mwina dokotalayo akanawaletsabe ngakhale ine ndikanakhala chete, sindikudziwa. Chomwe ndikudziwa n'choti mwezi wa Meyi uja anaumenyera okha nkhondo, ndipo funso limodzi pabenchi likanawasiyira mpata wosankha okha.

Anandiphikira tiyi. Tinakambako za mvula ya kwathu ndi za msewu wa ku Mchinji, koma za "manje manje" sindinayerekeze, iwonso sanandiseke kuti ndapepesa kwambiri. Ndikutsanzika anandibwezera chithunzi chija.

"Tengani, a nesi. Zithunzi nili nazo zambiri m'mabuku."

Kugulu sanabwererenso. Ine ndimapitabe, mindandanda ndimalembabe, ndipo msonkhano ukatha ndimakwera sitima yoyamba. Fomu yawo anandilola kutenga, ili m'kabati limodzi ndi pasipoti yanga. Kwathu, ngakhalenso kwawo, mlendo amaperekezedwa mpaka pamsewu. Tsiku lija ankolo anathera pakhomo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati inali miyendo ija kapena ndinali ine.