Tepi ya aphunzitsi pachifuwa cha Enelesi

"Mtsitseni mwanayo."

Aphunzitsi anasiya kuwerenga n'kundiyang'ana. Mwanayo sanatsike. Anali lende pa nsungwi yomangidwa pakati pa mitengo iwiri ya mango, mwendo wake wofotawo ukungogwedezeka. Anadzikoka mpaka chibwano chinakhudza nsungwi, kenaka anataya manja n'kugwera pa udzu umene anaunjika pansi pake.

"Amalume, mwandisokoneza. Lero ndikanafika kasanu ndi kawiri."

Ameneyu ndi Enelesi, mwana wa mlongo wanga Nangozo. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwendo wamanzere unafota ali wamng'ono, atadwala matenda otentha thupi, ndipo amayendera ndodo ya m'khwapa imene ndinamusemera ndine. Linali Lachiwiri lapitali, pa sukulu ya mishoni kuseri kwa Kandeu. Ndinapita kukamutenga kuti asadzabwererekonso. Mbumba ndi yanga, mawu otsiriza ndi anga.

Nkhani yake ndi iyi. Kwabwera mphunzitsi watsopano, a Ndau, wachinyamata, wochokera kumene ku maphunziro. Wayamba kuchititsa dirilo ana olumala. Zimenezo pazokha sizikanandichotsa kumunda. Koma Lolemba lililonse amawapima ndi tepi pachifuwa ndi m'mikono, n'kulemba m'buku.

Nangozo atamva za bukulo anasiya kudya. "Achimwene, a Nachisale odwala khate aja anayamba ndi kuwalemba m'buku. Kenaka inabwera galimoto. Munawaonanso?"

Sindinawaonenso.

Inu amene munapitako ku Joni, tepi imeneyo mukuidziwa. Amakuvula, n'kukukweza pa sikelo, tepi pachifuwa, dokotala akugogoda nthiti ngati mayi wosankha mphika pamsika. Kalaliki akulemba. Tsiku limenelo onse amakumwetulira. Ine anandipima maulendo awiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinasiya zala ziwiri pansi pa mgodi. Pobwerera palibe anandipima.

Tsono ndifunse. Ndi liti buku la azungu linalemba kanthu kathu n'kukasiya pamtendere? Anawerenga ng'ombe, patapita nthawi tinamva kuti zachuluka m'mapiri. Anapima minda ndi zingwe, lero munthu wamkulu ndi ndevu zake akuima pa bwalo la milandu chifukwa cha mizere. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Koma ndisaname, nafenso tili ndi mbali yathu. Kwathu kuno mwana wolumala ntchito yake ndi kulondera ufa pamphasa kuti nkhuku zisadye. Alendo akabwera timamuuza alowe m'nyumba. Ine ndinalekeza Sitandade 3, dirilo ndikuidziwa: lefuti, raiti, manja m'mwamba, wophonya mkwapulo. M'kalasi mwathu munali mnzathu wina woyenda chokwawa. Nthawi ya dirilo ankakhala pansi pa mtengo kulondera masileti athu, zaka zitatu zathunthu. Dzina lake ndaliiwala, tinkangoti Wamasileti. Ameneyo palibe anamupima. Palibenso anamufunsa ngati akufuna kusewera.

A Ndau anandipempha ndikhale pachitsa mpaka dirilo ithe. Sindinakhale, ndinaima chilili.

Ana olumala alipo anayi. Ena onse anali kuguba pabwalo motsogozedwa ndi mmodzi wa Sitandade 3, awa ali cha kumbali, aliyense ndi chake. Yohane, amene nthomba inamutseka maso, amathamanga dzanja lili pa chingwe chomangidwa kuchokera ku mtengo kukafika ku mtengo. A Ndau anamupangiranso mpira wa ziguduli, mkati anasokereramo maseche kuti aziumva ukamagubuduka. Mtsikana wina wosamva wezulo amamuzunguzira nsalu yofiira, iye n'kumatembenuka pamodzi ndi anzake. Wina wa dzanja lopindika amaponya kathumba ka mchenga mu dengu. Enelesi ndi nsungwi yake. Kumapeto onse anakhala pansi, olumala ndi amiyendo yomwe, n'kumaponyerana mpira wa maseche uja. Wodzuka watuluka. Amiyendowo ndiwo ankatuluka, chifukwa kukhala pansi sanazolowere.

Ana ankaseka. Ine sindinaseke.

"Zimenezi anakuphunzitsani ku maphunziroko?" ndinafunsa.

"Ayi, bambo. Kumeneko amaphunzitsa dirilo ya ana a miyendo iwiri ndi maso awiri. Izi ndikuyesa ndekha. Zina zimakanika. Sabata yatha chingwe chinaduka, Yohane anakagwera m'ziputu."

"Nanga tepi?"

"Ndidziwe ngati mikono ikukula. Mikono ikalimba, ndodo siimulemera."

"Kale ndinkapuma kanayi panjira," Enelesi analowererapo. "Pano ndimapuma pamtsinje pokha."

"Sindikulankhula ndi iwe."

A Ndau anaseka pang'ono. "A Ngozo, ndikudziwa chimene mukuopa. Koma munamvapo mtsikana atalembedwa wa ku mgodi?"

"Kusankha fodya ku esiteti sikufuna miyendo. Kumafuna mikono."

Kuseka kunathera pomwepo.

"Bukulo limapita kuti?"

"Kwa bwana woyendera sukulu. Akufuna aone ngati sukulu zina zingatengereko."

"Iye amakalipereka kwa yani?"

Anayang'ana bukulo. "Sindikudziwa."

Yankho limeneli ndi limene linandivuta. Akanati musade nkhawa, ndikanamunyamula mwana nthawi yomweyo, chifukwa mawu amenewo ndinawamva kwa akapitawo ambiri. Wabodza sanena kuti sindikudziwa. Koma nayonso nyongolotsi ya pa mbedza siidziwa amene wagwira chingwe. A Ndau akhoza kukhala munthu wabwino, buku lawo n'kukagwera m'manja mwa munthu amene sanamuonepo Enelesi, wongoona manambala a mikono.

Inu a mishoni ndi a boma, ndikumva kuti nyuzi ino mumawerenga. Ngati cholinga ndi chabwino, bwanji simunatiitane kaye? Lamulungu lililonse m'tchalitchi mumalengeza za njerwa ndi udzu wofolera sukulu, ndipo mayina a amene sanabweretse mumawatchula mokweza. Za kupima ana athu tinamvera kwa ana. Mukafuna nsana wathu mumatidziwa. Mukafuna chifuwa cha mwana wathu, ife kulibe?

Inunso makolo anzanga, mwana akabwera n'kunena kuti aphunzitsi anandilemba, mumafunsa kuti analemba chiyani? Kapena mumangokondwa kuti wabwera ndi njala, adya bwino? Ena mwa inu mwabisa kale ana m'nyumba osapita n'komwe kukaona. Umenewo si uchenjezi. Kubisa mwana n'kosavuta, tinazolowera. Chovuta ndi kuima pabwalo la sukulu n'kufunsa mpaka munthu ayankhe.

Ine ndinafunsa. Yankho silinandikwanire.

"Enelesi, katenge sileti yako."

Sanalire. Anatola ndodo yake. Kenaka anayamba ulendo wa ku kalasi, ndodo patsogolo, mwendo pambuyo. Anzake atatu aja anasiya kusewera. Yohane anafunsa kuti chachitika n'chiyani.

A Ndau anatsegula buku, anavundukula masamba, n'kunditambasulira.

"Tsamba lake ndi ili. Ling'ambeni. Sindidzamupimanso."

"Bwana wanu akafunsa?"

"Ndiyankha ndine. Koma mwanayo musiyeni. Akakhala pakhomo, chaka chamawa ndodo ija sadzainyamula."

Ndinawerenga. Dzina la mwana, mudzi, dzina la amake, dzina langa. Pansi pake manambala, mzere ndi mzere, akukwera pang'onopang'ono. Cham'mbali analemba ndi pensulo kuti: amakwiya ndikamuthandiza, ndizimusiya.

Ndinang'amba tsambalo, ndinalipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya. Ndikudziwa kuti munthu akhoza kulemba tsamba lina ine nditachoka. Manambalawo ali nawo m'mutu. Ndiye a Ndau, ngati mukuwerenga, Lolemba ndimadutsa njira imeneyo popita kumsika.

Enelesi anabwera, sileti ili m'khwapa linalo. Anaima pafupi nane osandiyang'ana.

"Amalume, tiyeni."

Ndinamulanda sileti ija n'kuiika pachitsa. Sindinadikire. Ndinalowa njira ya kumudzi ndekha, kumene Nangozo anali kudikira anthu awiri.