Nkhondo Imene Ndinathawa ku Brussels

Sekani pang'ono, mano angakuthereni ngati anga. Ine ndinkakhulupirira kuti dziko likakhala ndi mbali ziwiri, mapeto ake ndi mfuti. Sukulu yake ndinaphunzira ku Milange pa nthawi ya nkhondo, ndili mnyamata. M'mawa ankabwera asilikali awa, madzulo ena, koma funso limodzi: "Uli mbali iti?" Malume anayankha molakwa. Pothawa, mtsinje wa m'malire wa Muloza tinawoloka popanda iwo.

Ndiye bwana amene ndinkawaphikira ku esiteti ya tiyi atati tipitire limodzi kwawo ku Brussels, sindinachedwe kuvomera. Ndinati kwa azungu kulibe mbali.

Tsiku loyamba ndinaona msewu umodzi uli ndi mayina awiri, lina la Chifalansa, lina la Chidatchi. Ndinafunsa chifukwa chake. Bwana anafotokoza uku akutafuna. Akuti nyumba ya malamulo ya mzindawo ili ndi magulu awiri, la Chifalansa lalikulu, la Chidatchi laling'ono. Nduna amagawana, ziwiri uku, ziwiri uku, kuwonjezera mkulu wawo. Wolowa ndale amasankha chilankhulo, akasankha sasinthanso. Ndipo boma silikhalapo mpaka magulu onse avomere.

"Nanga akakana, bwana?"

"Akukana panopa. Miyezi yapita tilibe boma latsopano. Tiyi watha?"

Kuyambira pamenepo galimoto ikaphulika mpira, ine pansi pa tebulo. Ndikaimbira mkazi wanga, mayi a Estere, ndinkangoti kukuzizira. Malipiro ndinkatumiza onse, kuti ndikafa ndalama zisafe nane.

Kenako bwana anapita nane ku ofesi ya dera lathu kukalembetsa. Mayi wa pazenera anamwetulira bwinobwino, n'kufunsa m'Chingerezi: "Mapepala anu akhale a Chifalansa kapena a Chidatchi?"

Funso lija linali landipeza ndili ndi imvi. Ndinapempha chimbudzi, ndinatulukira khomo lina. Mlungu womwewo ndinanamiza bwana kuti mayi a Estere ali kayakaya.

Nditafika kumudzi ndinawapeza akupalira chinanazi, athanzi kuposa ine. Mawa lake anandikokera kumsika wa pa Muloza. Akabaza ankawoloka uku ndi uku, pakamwa Chilomwe, Chipwitikizi ndi Chichewa zosakaniza, popanda wowafunsa mbali. Ine ndekha ndinkacheuka.

Usiku umenewo ndinaulula zonse. Mayi a Estere anati:

"Amene watigulitsa chimanga lero, bambo ake anali m'gulu limene linatenga malume anu. Nkhondo inatha kale, bambo a Estere, kungoti inu sanakuuzeni. Ndipo poti mwandidwalitsa, mawa muphika ndinu."