Chotupa chimene sindinaboole

Kwathu kuseri kwa mapiri a Ntchisi, aliyense wotuluka chithupsa ankabwera kwa ine. Ndinkaotcha singano yosokera matumba, kuboola, kufinya, munthu n'kumapita akuthokoza. Ndinkadzitama nazo, sindibisa.

Ndiye amuna anga atatuluka chotupa pachifuwa, m'munsi mwa khosi, ndinati iyi ndi ntchito yanga. Anali atayamba kale kusasa mawu ndi kuchita befu pokwera chitunda, koma ine ndinkati ndi fodya. Masiku anayi ndinachithowa ndi madzi otentha kuti chipse. Kenako ndinawakhazika pamphasa, singano ili pamoto.

"Mayi, chimenechi chikugundatu ngati mtima," anatero iwo.

"Mantha basi. Munthu wamkulu kuopa singano?"

Ndisanaigwire n'komwe, anatulukira amayi a chipani, akuti lole yafika, tonse tikavine ku Mponela. Masiku amenewo sunkakana. Ndinamanga chitenje ndikutukwana chamumtima, ndipo ndinavina tsiku lonse nkhope ili ndwii.

Pobwera ndinamva kuti bambowo anabanika masana, alamu anga n'kuwakweza panjinga kupita nawo kuchipatala cha mishoni. M'mawa mwake ndinalondola, ndili wokonzeka kukakalipa kuti andilanda wodwala wanga.

Dokotala anandiitanira pambali.

"Amayi, ichi si chithupsa. Ndi mtsempha waukulu wochokera kumtima. Wakhala ukutupa mkati kwa zaka zambiri chifukwa cha chindoko chakale. Tsopano wafooka, ndiye wafufuma ngati chubu chakutha cha njinga. Munachigwirako?"

"Kuthowa kokha," ndinatero. Za singano sindinanene.

"Mwachita bwino. Munthu akanachiboola, magazi akanatha musanawatulutse m'nyumba."

Ndinangokhala pansi pakhonde pomwepo. Za chindokocho, chimene amuna angawo anabwera nacho kuchokera kumigodi ya ku Joni tisanakwatirane, ndinadzakwiya nazo pambuyo pake, ndipo anandimva bwinobwino. Koma tsiku limenelo mtima unali m'malo. Ndinkangowayang'ana akupuma.

Tonse awiri anatibaya jakisoni masiku angapo. Chotupacho sichinathe ayi. Anangowaletsa khasu ndi kusenza zolemera, moti munda wonse unagwera ine, iwo ali pamthunzi kundiuza kuti mizere yakhota.

Anakhala nafe mpaka mwana wathu wotsiriza anakwatiwa. Tsiku limene mtsemphawo unaphulika, unaphulika wokha, ine ndili kokumba mtedza. Ndinalira kwambiri, koma ndinalira ngati mkazi wamasiye wina aliyense, osati ngati amene wapha mwamuna wake.