Tsiku Limene Tinasuntha Makina a Ba Yotamu

Ndinadzuka kusanache, msana utauma chifukwa chogona pa benchi pansi pa tenti. Mvula inagwa usiku wonse, ndipo m'komboni mwathu mwa Kanyama madzi anali atafika m'akakolo. M'nyumba amayi a kwaya ankaimbabe, mawu atasasa. Ena ankakupiza mbaula za makala onyowa.

Makina anali pomwe anagwera. Mkulu wanga, ba Yotamu, anagwira ntchito yosema zitsulo kufakitale, ndipo atapuma anagula makina akale oti azigwirira ntchitoyo kunyumba. Anamanga kashedi kuseri. Koma njira yopita kumeneko, yomwenso imafika pakhomo la nyumba, ndi kampata pakati pa chipupa chathu ndi cha aneba, koti ngakhale wilibala imadutsa mokhula. Tsiku lowapititsa kushediko, iwo ndi anzawo ankakankha makinawo pamwamba pa mapaipi. Paipi ina inamira m'matope, makina anapendekeka n'kuwapanikiza pachifuwa kuchipupa. Anamwalira asanafike kuchipatala.

Chichitikire ngoziyo palibe amene anawakhudza makinawo. Olira ankadzipanikiza chammbali, atakwinya zitenje.

Kutacha anthu anachuluka mpaka kumsewu. Akulu a mpingo anati bokosi silingadutse pamenepo, ndiye mtembo ukachoka kumochale ungopita kutchalitchi. Apo alamu anga, akazi a malemuwo, amake Tisa, anatuluka m'nyumba. Sanakweze mawu.

"Ba Yotamu anamanga nyumba iyi na manja awo. Azalowamo. Chosani vinthu ivi."

Kubweza makinawo kumsewu kunali kosatheka, poti njirayo ndi yokwera. Chotsala chinali kumaliza zimene mkulu wanga anayamba. Aneba athu a Chibemba, amene pa maliro a ife akum'mawa amatipaka ufa n'kumatiseka monga mwa mwambo, tsikulo anangovula majekete. Wina anabweretsa jeke ya lole, wina matabwa, wina tcheni. Mwini chipupa chinacho anatenga hamala n'kugumula yekha mabuloko a pakona pake.

Panafunika munthu woima kutsogolo kuti aziyala mapaipi, pamalo pomwe panaima ba Yotamu. Sindikanatuma mwana wa mwini. Ndinalowapo ndekha. Makina ankayenda pang'onopang'ono, matabwa akulira. Pakona anapendekekanso, ndipo ndinamva kuzizira kwa chitsulo m'nthiti. Amuna akumbuyo anakoka tcheni, mapazi akuterera, mpaka makina anabwerera. Kwaya inali italeka kuimba. Titawalowetsa mushedi, ndinakhala pansi m'matope.

Bokosi linafika cha m'ma teni. Tinalinyamula ndi manja akuda ndi girisi, likukhula zipupa, n'kuliika pabalaza. Alamu anagwira nkhope ya amuna awo nthawi yaitali, ndipo palibe anawafulumiza.

Tinapita kumanda pa malole awiri, amayi atafunda mapepala a pulasitiki. Dzenje tinalipeza lili ndi madzi, anyamata anayamba akapa ndi zidebe. Abusa anafupikitsa mawu chifukwa mvula inayambanso. Dothi linkamatirira kumafosholo, ndipo nkhata za maluwa tinaziika pa matope.

Pofika madzulo a mpingo anali atapasula tenti, mabenchi atabwezedwa. Achibale otsala anagona msanga. Pabalaza panatsala fungo la thabwa latsopano. Alamu anakhala pamphasa atatsamira chipupa, Tisa atagona pamiyendo pawo. Anandifunsa ngati ndadya, ndinati ndadya. Nanenso ndinawafunsa, anati adya. Mbale zathu zinali patebulo, zovundikira momwe anazisiyira amayi a kwaya. Tinakhala choncho, tikumva madzi a padenga akudonthera mubeseni.