Dzino limene agogo Likaka anandizula

Agogo anga a Likaka, bambo awo a bambo, ndikawakumbukira m'mphuno mumabwera fungo la girisi losakanikirana ndi la tiyi wowamba lochokera ku fakitale. Atapuma ntchito ya ulonda pa esiteti ankakonza njinga pansi pa mpeyala, kuseri kwa nyumba za antchito, ndipo tsiku lonse unkangomva ngwe ngwe ngwe wa hamala, iwo akutukwana matcheni.

Mano a ana onse pamenepo ankazula ndi iwo. Ankati dzino logwedera lisagone m'kamwa, likachedwa linzake limera pamwamba ngati la galu. Pulayala yomwe ija yokonzera njinga, kungoipukuta pa buluku, "Yasamula!" basi. Kenako ukaliponye padenga kuti khwangwala atenge lakale, abweretse latsopano.

Ndili Sitandade 3, tsiku lina ndikupititsa mbatata kwa amayi kumene ankathyola tiyi, ndinaterereka pamatope n'kumenyetsa kamwa pamwala. Dzino lakutsogolo lam'mwamba linayamba kugwedera. Pobwerera agogo anaona magazi.

"Bwera kuno, iwe."

"Agogo, ili linagweruka kale ndili Sitandade 1. Ili ndi lachiwiri."

"Mano wayamba kuwadziwa liti iwe? A bambo ako ndinawazula ndine. Yasamula!"

Anandipana ndi mawondo. Dzino linakana, iwo n'kupotokola. Mano aubwana amatuluka opanda muzu, ngati kanjere ka chimanga. Ili linatuluka ndi muzu wautali. Analiyang'ana nthawi ndithu, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti adziwa. Koma anangondiikira m'manja. "Kaponye padenga."

Amayi ataweruka anandiyang'ana m'kamwa, anakagwada patali ndi agogo. "Bambo, si lachikulu lija mwachotsali?"

"Limera," anatero, osatukula mutu panjinga.

Anamwino a ku chipatala cha pa esiteti anati akanalisiya mwina likanalimba lokha. Komabe ine ndinkakhulupirira agogo. Chaka chathunthu m'mawa uliwonse ndinkapapasa nkhama ndi chala. Kusukulu ankandiimba nyimbo ya magweru mpaka Sitandade 8. Ndikawafunsa agogo ankaseka, "Akhwangwala a kuno ngaulesi." Kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Chimene chimandiwawa n'choti anandisiya ndikudikira chinthu chimene ankadziwa kuti sichibwera. Anamwalira osanena pepa.

Pano mwana wanga Tadala ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo dzino lake lam'munsi lakhala likugwedera masabata atatu. Dzulo bambo ake anabwera ndi ulusi, ati tingolikoka lisamuvutitse podya. Ine sindikalipa kawirikawiri, koma ndinawalanda ulusiwo n'kuuponya pamoto.

"Tadala, likuwawa?"

"Ayi, amayi. Ndikufuna ligwe lokha."

"Mwamva? Mwini wake wanena."