Nyimbo Zimene Ndinazipeza Makutu Atatha

Ku Joni ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndikutchetcha kapinga ndi kuthirira maluwa panyumba ya mzungu wina wokalamba. Mwana wake wamkazi, mayi wamkulu ndithu wa imvi zapatalipatali, anali ndi anzake atatu amene ankabwera Loweruka lililonse masana kudzaimba m'galaja. Sanali oimba otchuka. Ankangoyeserera nyimbo za magulu amene ankawakonda, akalakwitsa n'kuyambiranso. Ine ndinkasiya dala maluwa a kuseri kwa galajayo kuti ndiziwathirira Loweruka.

Nyimbozo zinali zachilendo kwa ine. Pamwamba pankamveka gitala wopanda magetsi ndi vayolini yolira ngati kaligo, zofewa, zoti munthu n'kukumbuka kumudzi. Koma pansi pake pankayenda besi youma, yobwerezabwereza, ndi ng'oma zomenyedwa mosasekerera ngati mmisiri akukhoma misomali. Woimbayo anali ndi mawu otsika, ndipo sankanyengerera. Ankangoyankhula ngati akupereka uthenga wa maliro. Chingerezi chakecho sindinkachimva chonse. Sindinafunsepo kuti nyimbozo ndi za ndani. Wantchito wa m'maluwa safunsa zoterozo, komanso sindinkaganiza kuti ndidzachokapo msanga.

Ndinabwerera kwathu ku Namwera ndikutsokomola magazi. Foni imene inali ndi nambala ya azunguwo inabedwa m'basi panjira. Kuchipatala anandipeza ndi chifuwa chachikulu, chija chosamva mankhwala wamba. Anandiuza mosabisa kuti jakisoni amene ankapereka nthawi imeneyo amatha kuwononga makutu, koma ndikamukana ndifa. Ndinavomera. Patapita miyezi itatu m'makutu munayamba kulira nyenje zosaleka. Kenako anapiye pabwalo anasiya kulira, ankangoyasamula timilomo tawo. Mkazi wanga akandiitana ali kumbuyo sindinkatembenuka, ndipo kwa masiku angapo ankaganiza kuti ndamukwiyira.

Chifuwa chinapola, koma namwino anandiuza kuti mawu amene achoka sabweranso, ndipo otsalawo akhoza kupitirira kuchoka. Ndili panjinga ya kabaza pobwerera kunyumba, ndinadzipeza ndikung'ung'udza besi ija. Kuyambira tsiku limenelo sinachokenso m'mutu. Ndinkafuna kumva nyimbo zija kamodzi kokha makutu asanatsekeke.

Ndinatsikira ku Mangochi, kwa bambo wina amene amaika nyimbo m'mamemori khadi pafupi ndi msika. Anali ndi kompyuta yakale ndi sipika yaikulu pakhomo.

"Dzina la gulu, achimwene?" anandifunsa.

"Sindilidziwa."

"Nanga la nyimbo?"

"Nalonso ayi. Koma muli gitala wopanda magetsi ndi vayolini."

"Aaa, kantire imeneyo. Ilipo yambiri."

Anaika nyimbo ya azungu a zipewa zikuluzikulu. Ndinapukusa mutu. Anaika ina ya kutchalitchi, ndinapukusanso. Ndinayesa kumuimbira besi ija ndi pakamwa, ndikumenya ng'oma patebulo pake. Popeza sindinkadzimva bwino, ndiyenera kuti ndinakweza mawu kwambiri, chifukwa amayi ogulitsa usipa tsidya la msewu anaima n'kumaseka. Bamboyo sanaseke. Anandiuza kuti pa zaka zonse wakhala pamenepo palibe anamufunsapo zimenezo. Ndinapita kwa ena awiri tsiku lomwelo, yankho linali lomwelo.

Nkhaniyo inafika kwa amjomba anga, achimwene awo a mayi, amene sajomba kumzikiti. Anabwera kunyumba, nakhala kumbali ya khutu langa lamanja, lomwe linali bwinoko.

"Iwe mphwanga, Mulungu wakubweza kumanda. Timakutu tatsalato sungatithere pomvera Kurani? Ukusaka nyimbo za anthu amene sankadziwa ndi dzina la bambo ako lomwe?"

Amjombawo sanali kunama. Ndinkapita kumzikiti ndithu, koma ndikatuluka besi ija inkandidikira pakhomo.

Amene anandimvetsa anali mchemwali wanga wamng'ono, yemwe amaphika paloji ina ya alendo ku Chembe. Anauza anzake a kuntchito kuti azitchera khutu pa zimene alendo amamvera. Panapita pafupifupi chaka. Tsiku lina ananditumizira uthenga wolemba, poti kuyankhula pafoni kunali kutayamba kundikanika: "Achimwene, bwerani mawa. Kuli mayi wina wa ku Ulaya, nyimbo zake zikufanana ndi zomwe munkanena. Anyamuka Lachisanu."

Ndinakwera matola m'mamawa, ndinafika dzuwa lili paliwombo. Mlendoyo anali mayi wamtali wopsa ndi dzuwa, anakhala pakhonde atavula nsapato. Ndinamufotokozera ndi Chingerezi changa cha m'maluwa, mchemwali wanga akundibwerezera mokweza zimene iye ankayankha. Nditafika pa besi ndi ng'oma zija anagwedeza mutu msanga. Anatenga kapepala ka oda ya chakudya n'kulemba kuseri kwake mawu awiri: folk rock, ndipo pansi pake post-punk. Anati loyambalo ndiye gitala ndi vayolini, lachiwirilo ndiye kuuma kuja. Anati magulu osakaniza ziwirizi alipo, ambiri ndi ang'onoang'ono osamveka pawailesi, ndipo powasaka pa intaneti ndizilemba mawu onse awiri pamodzi. Ndiye kuti chinthu chimene ndinachisaka chaka chathunthu chinali ndi dzina lokwana pa kapepala ka oda.

Anatsegula kanema wa gulu lina pafoni yake n'kundiveka mahedifoni. Ndinamupempha akweze. Anakweza. Ndinamupemphanso, anandionetsa kuti pafika pomaliza.

Besi inabwera. Ndinaimva m'nsagwada ndi m'khosi, ikuyenda monga muja ndinkaikumbukira. Ng'oma yaikulu nayo inkafika. Ndinadikira gitala ndi vayolini kuti zilowe. Pakanemapo mtsikana wina anakweza vayolini paphewa, uta wake unayamba kupita uku ndi uku. Ndinadikirabe.

"Yayamba kulira?" ndinafunsa mchemwali wanga.

Anachotsa mbali imodzi ya mahedifoni n'kuika pakhutu pake. "Ikulira kwambiri, achimwene. Simukuimva?"

"Ayi."

Tinayesa gulu lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu. Monsemo munali chimodzimodzi: kugunda kwa pansi kokha, pamwamba pali zii. Woimba ankatsegula pakamwa, ine n'kumamva ngati munthu akuyankhula m'chipinda china chitseko chili chotseka. Mlendoyo anandifunsa ngati zinali zomwezo. Ndinati inde, zikomo kwambiri. Zoona zake n'zakuti sindikudziwa. Theka limene likanandiuza linali litapita kale. Mchemwali wanga anathamangira kukhitchini akuti mpunga upserera, koma ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Mayiyo anatilembera mayina a magulu angapo, ndipo mchemwali wanga anandiikira nyimbozo mumemori khadi. Nditafika kunyumba mkazi wanga anamvera imodzi mpaka kumapeto, nkhope ili gwa.

"Bambo a ana, zimenezi ndi zomwe munkavutikira? Zikumveka ngati kunyumba kwagwa zovuta."

Ndinamupempha andifotokozere mmene vayoliniyo ikulirira. Anayesa, anati ikukwera kenako ikutsika, ndiye anasowa mawu ena. Sindinamufunsenso.

Ku Joni sindinabwererenso. Munthu wosamva galimoto ikuimba hutala kumbuyo kwake sangayende m'misewu ya kumeneko. Ndimalima chimanga ndi fodya pang'ono pamunda wa akuchikazi. Khutu lamanzere linatsekeka lonse chaka chathachi, lamanja limangotola mabingu ndi chigayo. Mchemwali wanga sanasiye. Akapeza bandulo amalemba mawu awiri aja pa intaneti, ndipo akapeza gulu latsopano amanditumizira, ndi kauthenga koti ili ndiye labwino kuposa lija. Ndimamuyankha kuti ndalandira, Mulungu amudalitse. Nyimbo zinayi zomalizazi sindinazitsegule, ndipo sindinamuuze.